Pepala la chuku cha mtedza likufuna madola 40: ndani ali nalo?

Wa Zaulimi: Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndapanikizika kuno. Ndikulemba proposal ya kafukufuku wa chuku cha mtedza, aflatoxin uja, ndipo pali pepala lina lomwe aliyense wolemba za nkhaniyi akulitchula. Ndikalitsegula likundiuza kuti ndilipire madola 40. Proposal ikuyenera kupita Lachisanu. Alipo amene angandipezere?

Achimwene a Masamu: Tumizani DOI, nambala ija yozindikiritsa pepala, kuseri, mphindi ziwiri mukhala nalo. Koma musandifunse kuti ndalitola kuti 😄

Mayi wa ku Laibulale: A Masamu, taimani kaye. A Zaulimi, musanatulutse ndalama kapena kutsatira achimwene anuwo kumene akukutengerani, mwayesa kulowa kudzera ku AGORA?

Wa Zaulimi: AGORA ndiye chiyaninso mayi? Ine ndimangolemba mutu pa Google Scholar, chimene chatseguka ndiye chomwecho.

Mayi wa ku Laibulale: Apa ndiye pagona nkhani. Pali mgwirizano wotchedwa Research4Life, womwe ofalitsa akuluakulu a kafukufuku anapanga ndi nthambi za United Nations kuti mayiko osauka aziwerenga ma journal awo. Muli zipata zisanu. HINARI ndi ya zaumoyo, inayamba mu 2002 pansi pa WHO. AGORA ndi ya zaulimi, ya FAO, inabwera mu 2003. Kenako OARE ya zachilengedwe, ARDI ya luso la makono, ndi GOALI ya zamalamulo. Malawi ali m'gulu la mayiko amene salipira kanthu. Yunivesite ikalembetsa imapatsidwa dzina lolowera ndi pasiwedi, ndipo zimenezi zimakhala kwa ife ku laibulale. Si journal iliyonse imene mungaipezemo, ofalitsa ena amatsekera mayiko ena mitu ina, koma za mtedza ndi chuku nthawi zambiri zimapezeka. Pitani ku laibulale yanu mawa, funsani amene amaona za e-resources.

Namwino Mphunzitsi: Mayi, bwanji mungoponya pasiwediyo pano tonse tipindule? Ife tili m'mayunivesite osiyana koma mavuto ndi amodzi.

Mayi wa ku Laibulale: Ayi amayi, pamenepo ndiye ndikana. Pasiwedi ndi ya sukulu imene inalembetsa. Ikayamba kuyendayenda pa magulu, mawa ili kwa msuweni wa wina ku Johannesburg, eni ake amaona kuti ikulowera kunja ndipo amatseka sukulu yonse. Zinatichitikirapo: tinakhala milungu ingapo osalowa, tikulemberana makalata opepesa. Sukulu yanu ili ndi yake, kafunseni. Safunsa anadya phula.

Achimwene a Masamu: Ine ndinene chilungamo pamaso pa akuluakulu. Chaka chathachi sindinapondeko mu laibulale ngakhale kamodzi. Ndikadutsa ndimaona ana a chaka choyamba adzaza, ena akuwerengera mayeso, ena angobwera kudzatchaja mafoni. Mabuku a masamu amene ali pa shelefu ndi omwe ndinkawerenga ine ndili mwana wa sukulu. Ndiye ndikatengeko chiyani? Za ife zambiri zili mwaulere pa arXiv, tsamba limene ofufuza amaikapo okha mapepala awo. Laibulale kwa mphunzitsi inatha ntchito, mundikhululukire mayi.

Mayi wa ku Laibulale: Ndakukhululukirani, koma ndikufunseni. Muli mu ofesi yanu pa Wi-Fi ya pa kampasi, mwadina pepala la pa JSTOR, nkhokwe ya ma journal ya pa intaneti, ndipo latseguka lokha osakufunsani ndalama. Mumaganiza kuti ndi mwayi wanu wobadwa nawo? Latseguka chifukwa ofalitsawo azindikira adiresi ya intaneti ya sukulu yanu, ndipo amene anakalembetsa adiresiyo, kusaina mapangano ndi kumaikonzanso ikasintha ndi munthu wa ku laibulale. Yesani pepala lomwelo kunyumba pa bandulo yanu muone. Ndiye inu mumalowa mu laibulale tsiku lililonse, kungoti simudzera pakhomo.

Vuto lake ndi loti pa msonkhano wa bajeti ndi inu nomwe aphunzitsi amene mumaimirira n'kunena kuti laibulale sitiigwiritsa ntchito, ndalamazo zigulire zina.

Dotolo wa ku Leeds: Moni nonse kuchokera kuno kozizira. Zimene akunena mayiwa si za kwathu kokha. Ku America kuli bungwe la Ithaka S+R limene lakhala likufunsa aphunzitsi a m'mayunivesite za nkhani imeneyi pafupifupi zaka zitatu zilizonse kuyambira mu 2000. Chimene chimatuluka mobwerezabwereza n'chakuti aphunzitsi ochepa kwambiri ndi amene amayambira kafukufuku wawo m'nyumba ya laibulale, ambiri amayambira pa makina osakira. Koma akafunsidwa kuti ntchito yofunika kwambiri ya laibulale ndi iti, amati ndi yogula, ndiye kuti kulipirira ma journal ndi mabuku. Kunonso ndi chimodzimodzi. Anzanga ena sadziwa kuti khomo la laibulale layang'ana kuti, koma journal imodzi ikangosiya kutseguka amalemba imelo yaukali tsiku lomwelo.

Chimene ndinachipeza chachilendo kuno ndi choti dipatimenti iliyonse ili ndi munthu wake wa ku laibulale. Semesita isanayambe amakufunsa mndandanda wa zimene ophunzira ako aziwerenga, n'kuonetsetsa kuti zilipo. Ndili kumudzi palibe tsiku limene ndinapereka mndandanda wotere ku laibulale, koma ndinali patsogolo kudandaula kuti mulibe mabuku.

Wa Zachuma: A Dotolo, mndandanda titha kupereka, koma ugulidwa ndi chiyani? Ma journal amalipiridwa m'madola ndi m'mapaundi. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Bajeti ya laibulale inalembedwa m'makwacha chaka chisanayambe. Ndiye ndalama imene inkakwanira mu October, pofika December yaperewera, ndipo ngakhale ikhalepo muyenera kudikira kuti banki ipeze forex. Si ulesi wa anthu a ku laibulale ayi.

Mayi wa ku Laibulale: Zikomo a Zachuma pondilankhulira. N'chifukwa chake malaibulale a m'dziko muno anapanga MALICO mu 2003, kuti tizisonkha ndi kukambirana mitengo ngati gulu limodzi, mothandizana ndi mabungwe ngati INASP ndi EIFL. Mutu umodzi susenza denga. Yunivesite imodzi payokha singathe kukakambirana ndi ofalitsa amenewa.

Agogo a Mbiri: Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete, koma ana inu mwandikumbutsa kutali. Ife tikuyamba ntchito, kusaka pepala kunali kutsegula timadirowa ta makadi, khadi lililonse buku limodzi, n'kumapita nazo chala ndi chala. Journal inkabwera pa sitima ya pamadzi, ikafika nkhani zake zapita kale miyezi. Pepala likasowa unkadzaza fomu ku laibulale, iwo n'kulembera ku Britain, ndipo fotokope inkafika pa positi mwina semesita itatha. Unkaliwerenga pepalalo mpaka kuliloweza, chifukwa unalivutikira.

Lero mwana wanga wa masters amanditumizira mndandanda wa mapepala 90, koma ndikamufunsa kuti wachitatuyo akuti chiyani, amayang'ana kudenga. Wawerenga abstract basi. Sindikunena kuti tibwerere ku makadi, mawondo anga sangalole. Ndikungoti kale vuto linali kupeza, lero vuto ndi kusankha, ndipo kusankhako palibe amene akukuphunzitsa.

Achimwene a Masamu: Agogo, pamenepo sinditsutsa. Koma tibwerere ku nkhani ya a Zaulimi. Tonse pano tikudziwa Sci-Hub, tsamba lija logawa mapepala mwaulere popanda chilolezo cha ofalitsa, tisanamizane. Munthu ali ndi proposal Lachisanu, magetsi azima, laibulale yatseka 10 koloko. Adikire AGORA?

Wa Malamulo: Tikuidziwa, inde. Koma tidziwenso chimene chili. Alexandra Elbakyan wa ku Kazakhstan anayambitsa Sci-Hub mu 2011, kampani yofalitsa ya Elsevier inamusumira ku New York ndipo mu 2017 khoti linagamula kuti alipire madola 15 miliyoni. Ndi kuphwanya malamulo a umwini wa zolemba, mungazikometse bwanji. Ndipo mphunzitsi amene amalanga ophunzira chifukwa chokopera, n'kumawaonetsa njira imeneyi m'kalasi, akudzitsutsa yekha.

Achimwene a Masamu: A Loya, nanga izi si kuba? Ine ndachita kafukufuku ndi malipiro ochokera ku misonkho ya Amalawi. Ndalemba pepala, sanandilipire. Mnzanga waliunika, sanamulipire. Ofalitsa alitenga, alitsekera, kenako akugulitsa kwa yunivesite yanga yomwe. Mlimi walima, wakolola, wapereka chimanga chaulere kwa vendala, kenako akukagula ufa kwa vendala yemweyo. Wakuba ndani pamenepa?

Wa Malamulo: Kuti dongosololi ndi lokhota, tikugwirizana. Koma mankhwala ake ndi kusiya kupereka chimanga chaulerecho, osati kukathyola nkhokwe usiku.

Mayi wa ku Laibulale: Ine sindilowerera za milandu, ndingonena za ntchito. Ku Sci-Hub mukutamako mapepala a zaka zaposachedwapa sapezekako kwenikweni, ndiye wofuna zatsopano kumeneko sikumuthandiza. Njira zoyera zilipo zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Pa Google Scholar pomwepo, pansi pa mutu wa pepala pamakhala polembedwa kuti All versions. Dinani pamenepo, kawirikawiri mupeza kope limene wolembayo anaika pa nkhokwe ya yunivesite yake. Ikani Unpaywall pa browser yanu, kachizindikiro kake kakakhala kobiriwira ndiye kuti pali kope laulere lovomerezeka. Zikakanika, lemberani mwini pepala. Adiresi yake imakhala patsamba loyamba, ndipo anthu ophunzira amasangalala kumva kuti wina ku Malawi akufuna kuwerenga ntchito yawo. Ine sindikumbuka wolemba amene anandikaniza.

Namwino Mphunzitsi: Poti tayamba kuulula, nanenso ndiulule, mwina wina apulumuka. Zaka zingapo zapitazo ndinkafuna kukwezedwa, mapepala anga anali operewera limodzi. Kunabwera imelo yonditcha kuti distinguished professor, ine ndili lecturer wamba, ikundipempha pepala. Ndinatumiza Lolemba, Lachinayi anati lalandiridwa popanda chokonza ngakhale chimodzi. Ndinalipira madola 150 ndi mtima wonse. Nditapereka mafomu, komiti inandibwezera ndi mawu awiri okha: journal yachinyengo. Ndalama zinapita, ndipo choopsa kwambiri, deta ya odwala imene ndinaivutikira miyezi isanu ndi umodzi sindingaitumizenso kwina chifukwa akuti inafalitsidwa kale. Ndinalira ngati pamaliro.

Dotolo wa ku Leeds: Pepani amayi. Ambiri zinatigwerapo, kungoti sitinena.

Mayi wa ku Laibulale: Pepani ndithu. Imeneyi ndi ntchito imene timatha kuichita m'mphindi khumi mutatifunsa musanatumize. Timaona ngati journal ili pa DOAJ, ngati ikupezekadi mu Scopus kapena Web of Science (yonseyi ndi mindandanda ya ma journal ounikidwa) monga ikudzitamira, ngati akonzi amene yawalemba amadziwa n'komwe kuti ali pamenepo. Kale anthu ankadalira mndandanda wa ma journal okayikitsa wa Jeffrey Beall, koma iye anautseka mu January 2017, ndiye makope amene akuyendayenda pano musawakhulupirire kwathunthu. Tsamba la Think. Check. Submit. lili ndi mafunso osavuta oti mudzifunse. Komanso dzina lalikulu si chitetezo. Mu 2023 mapepala opitirira 8,000 anachotsedwa m'ma journal a Hindawi, kampani imene Wiley inagula mu 2021. Amene mumagwiritsa ntchito Zotero, pulogalamu yosungira maumboni, imakuchenjezani ndi mzere wofiira ngati pepala limene mwasunga linachotsedwa.

Ndipo za ndalama zofalitsira, musathamangire kulipira. Ofalitsa ambiri odalirika amakhululukira kapena kuchotsera olemba a m'mayiko ngati lathu, koma muyenera kupempha potumiza pepala, osati atalilandira kale.

Wa Zachuma: Mlandu wina uli ndi makomiti okweza anthu. Amawerenga mapepala ngati mbuzi m'khola, zingati basi. Ukafalitsa mu journal ya kuno kwathu imene anthu a ku unduna angaiwerenge, ena amaionera pansi. Ukafalitsa kunja kumene Mmalawi aliyense afunika madola 40 kuti awerenge, akuombera m'manja.

Namwino Mphunzitsi: Komatu Malawi Medical Journal ndi yaulere kuwerenga, ili pa AJOL, tsamba la ma journal a mu Africa, ndiponso imapezeka pa PubMed, posakira kafukufuku wa zaumoyo. Si zonse za kwathu zimene zili zotsika.

Wa Malamulo: Ndiponyepo ina. Mwezi watha wophunzira wanga anabweretsa chaputala chachiwiri chokongola zedi, maumboni 30, mayina a olemba odziwika, zaka, masamba, zonse zili m'malo mwake. Ndinakondwa. Ndiye ndinafuna kuwerenga limodzi mwa mapepalawo chifukwa mutu wake unandikopa. Kulibe. Wolembayo alipodi, journal ilipodi, koma pepalalo silinalembedwepo. Ndinayesa ena, asanu ndi awiri anali a m'maloto. Nditamupanikiza anavomera kuti anafunsa ChatGPT. Ndipo Turnitin, pulogalamu yogwira okopera ija, inali itamupatsa peresenti yotsika bwinobwino, poti zopeka sizifanana ndi kanthu.

Achimwene a Masamu: 😂😂 Mwanayo ndi wanzeru, kungoti wasochera.

Mayi wa ku Laibulale: Muziwauza kuti umboni uliwonse ukhale ndi DOI, ndipo inu muziyesako ingapo pa doi.org. Yabodza siitsegula kanthu, kapena imatsegula pepala lina losiyana. Mukatipatsa ola limodzi lokha m'kalasi yanu ya research methods, timawaphunzitsa zimenezi pamodzi ndi Zotero, imene ndi yaulere. Koma aphunzitsi ambiri amati silabasi yadzaza.

Agogo a Mbiri: Mundilole ndibwerenso, chifukwa pali chimene chikundiwawa kuposa madola 40 a mwana wathuyu. Tonse tikukangana za mmene tingawerengere zimene azungu alemba. Nanga zathu zili kuti?

Google Scholar siidziwa zimene zili mu National Archives ku Zomba. Mafayilo a ma DC a nthawi ya atsamunda, makalata a mamishoni, malipoti a zaulimi a m'maboma, muyenera kukwera basi, kukakhala pampando, kudzaza kapepala n'kudikira kuti akutulutsireni bokosi. Siidziwa zonse zimene zili mu laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre, ngakhale kuti journal yawo, imene inayamba mu 1948 ikutchedwa Nyasaland Journal, ili pa JSTOR. Siidziwa chipinda cha Malawiana, mosungira zolemba zokhudza Malawi m'malaibulale athu. Ndipo koposa zonse siidziwa ma thesis a ana athu. Chaka chilichonse timatuma ophunzira mazanamazana kumidzi, amakafunsa mafumu, alimi, asodzi, azamba, n'kulemba. Tikawapatsa magiredi, bukulo limamangidwa chikuto chakuda, limaikidwa pa shelefu kapena pansi pa tebulo la mkulu wa dipatimenti, basi. Patapita zaka zisanu wina amapitanso kumudzi komwe kuja kukafunsa mafunso omwe aja, mpaka anthu akumudzi anatopa nafe.

Kumbukirani za pa 18 December 2015, pamene laibulale ya Mzuzu University inapsa. Mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa usiku umodzi. Mabuku a chemistry ndi a masamu abwenzi akunja anatha kutumiza ena. Koma zolemba za kwathu kuno zimene zinali kope limodzi lokha, ndani akanatumiza? Ine kuyambira tsiku limenelo ndikaona thesis ili pa pepala pokha, mtima umandithamanga.

Dotolo wa ku Leeds: Agogo mwalasa. Ine polemba PhD yanga kuno, zinali zosavuta kupeza thesis ya mzungu amene anakhala ku Malawi miyezi itatu kusiyana ndi ya Mmalawi amene anabadwira m'mudzi womwewo. Ndiye amene amatchulidwa ndi mzunguyo, n'kukhala katswiri wa za kwathu.

Mayi wa ku Laibulale: Nkhokwe za pa intaneti zilipo m'mayunivesite athu angapo, zambiri zimayendera pulogalamu ya DSpace. Chimene chimasowa ndi zoikamo. Timalemba makalata ku madipatimenti kupempha makope a pa kompyuta a ma thesis ndi mapepala anu, mayankho amabwera awiri kapena atatu. Ena amaopa kuti anzawo awabera. Ena, tinene zoona, amaopa kuti anthu aona zimene anapasitsa. Koma pepala lanu lomwe mumaliika pa ResearchGate, tsamba la kunja logawirana mapepala, tsiku lomwe latuluka.

Achimwene a Masamu: Apa mwandigwira. Anga onse ali pa ResearchGate, ku nkhokwe ya sukulu kulibe ngakhale limodzi. Koma fomu yanu ija ndi yaitali mayi, masamba atatu.

Mayi wa ku Laibulale: Bweretsani mapepalawo pa flash, fomuyo tidzaza ife. Mubwerenso ndi nambala yanu ya ORCID, yozindikiritsa wofufuza, ngati mulibe tidzakutsegulirani pomwepo, n'zaulere. Zimathandiza kuti ntchito zanu zisasokonezeke ndi za anthu ena a dzina ngati lanu. Mukudziwa nokha kuchuluka kwa a Banda ndi a Phiri m'dziko muno.

Wa Zachuma: Ndi a Mwale 😄

Wa Zaulimi: Akuluakulu, ndabwera ndi lipoti. M'mawa uno ndinapita ku laibulale yathu, koyamba chilembedwereni ntchito, ndikuvomera. Bambo amene amaona za e-resources anandilowetsa mu AGORA ndipo pepala lija linatseguka. Tsono nkhani ndi iyi: pepalalo ndi la chimanga, ndiponso la dziko lina. Mtedza angoutchula m'tebulo limodzi. Ndikanalipira madola 40 aja bwenzi pano ndikulira limodzi ndi a Namwino.

Koma bamboyo atamva mutu wanga anandiuza kuti ndidikire, analowa kuchipinda cha mkati n'kutuluka ndi ma thesis awiri a ophunzira akale a sukulu yathu yomwe. Imodzi ndi ya mmene alimi a ku Mchinji amaumitsira mtedza, kusiyanitsa oyanika pansi ndi oumitsa pa mandela koko (kuunjika mtedza ndi masamba ake omwe pa mulu wolowa mphepo), komanso chizolowezi chija chowaza madzi pa mtedza kuti usavute kusenda, chimene chimabweretsa chuku. Ndi zimene ndimafuna kukafunsa ine ndi ndalama za proposal. Ndasintha funso la kafukufuku wanga kuti ndiyambire pamene iyeyo analekezera. Anandilangizanso kuti ndikaone zimene a ICRISAT, bungwe la kafukufuku wa mbewu ku Chitedze, analemba pa nkhaniyi.

Funso langa kwa mayi: thesis imeneyi ilipo kope limodzi, chikuto chayamba kale kudyedwa. Ndingathe kuijambula yonse ndi foni?

Mayi wa ku Laibulale: Musajambule ndi foni, zimatuluka zokhota ndipo mawu ake sasakika. Apempheni aipange sikani bwinobwino ndi kuiika mu nkhokwe ya sukulu. Pafunika chilolezo cha mwini wake ngati sanasaine fomu pomaliza maphunziro, ndiye funsani ku dipatimenti ngati akudziwa kumene ali. Ndipo mu proposal yanuyo mumutchule dzina.

Agogo a Mbiri: Mukamupeza mwini wakeyo mumuuze kuti wina wawerenga ntchito yake. Mwina kadzakhala koyamba kumva zimenezo chimalizireni sukulu.

Achimwene a Masamu: Mayi, Loweruka mumatsegula nthawi yanji? Flash ija ndaipeza, muli mapepala asanu ndi limodzi.